Timigolo Titatu M'kompyuta ya Bambo

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi nkhani ya kachinthu kochepa ngati nsonga ya chala chaching'ono, kotchedwa kapasita. Alakatuli musathawe, mukhala nawo mpaka kumapeto.

Kwathu ndi ku Nsipe, m'mbali mwa msewu wa M1 mukadutsa pa boma la Ntcheu kulowera ku Balaka. Ambiri a inu munayamba kudziwako mu June 2024, pa maliro a Dr Saulos Chilima. Ife tinabadwira komweko. Bambo anga anali mphunzitsi wa pulaimale, ndipo atapuma ntchito mu 2008 anatengako ndalama zopumira n'kugula kompyuta yakale, ya Pentium 4 ndi Windows XP, bokosi lotuwa lolira ngati chigayo chakutali. Usiku uliwonse magetsi akakhalapo ankataipa ndi zala ziwiri. Mukawafunsa ankangoti, "Ndikulemba za makolo anu." Ife tinkaseka.

Anamwalira mu 2019. Kompyuta ija mayi anaifunditsa chitenje pakona, ikhala pomwepo zaka. Chaka chatha mwana wa mchemwali wanga anafunsa dzina la agogo awo a agogo ake, ndipo tonse pakhonde tinangoyang'anizana. Mayi anati, "Bambo ako analemba zonsezo. Kayatse chija."

Ndinayatsa. Fani inazungulira, kagetsi kanawala, kenaka zii. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachisanu inafika mpaka pa chizindikiro cha Windows n'kudzizimitsa yokha.

Ndinainyamula pa minibasi kupita ku boma. Anyamata a m'kashopu kena anatsegula, kuyang'ana kwa mphindi imodzi, basi chigamulo chatuluka: "Bigi, motherboard yafa iyi. Tikuguleni ngati sikirapu?" Ndinawapempha kuti angondichotsera zomwe zili mu hard disk. Ayi ndithu, ya bambo inali ya mtundu wakale wa IDE, wa chingwe chotambalala ngati lamba, pomwe makina awo onse anali a SATA. Akuti kolumikizira kake mwina ndikakafufuze ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Sindikuwanyoza anyamatawo. Anaphunzira kuchotsa chakufa n'kuikapo chatsopano, ndipo ntchito ya masiku ano ndi imeneyo. Koma chatsopano cha kompyuta ya zaka makumi awiri mukachigula kuti?

Pobwerera ndinatsikira pamsika wa kwathu, bokosi paphewa. Madala ena okonza mawailesi, omwe ndawadutsa moyo wanga wonse osawapatsa ntchito, anandiitana. "Mwana wa aphunzitsi, mwasenza chiyani?" Ndinawafotokozera mwaulesi, poganiza kuti za kompyuta angazidziwire kuti. Anati nditsegule.

Anavala magalasi omanga ndi ulusi, nayendetsa chala pamwamba pa timigolo tating'ono toima pamzere pafupi ndi processor. Anaima. "Gwirani apa." Tambiri tinali tosalala pamutu. Titatu tinali totupa ngati chitini cha nsomba zoonongeka, ndipo kamodzi kanali katatulutsa zofiirira zouma, ngati dzimbiri.

"Matenda ndi amenewa. Kwinaku kuli bwinobwino."

Mmene anandifotokozera, kapasita ili ngati mtsuko wa m'nyumba. Madzi a pampopi amabwera modukizaduka, koma wotunga mumtsuko samva kusiyana. Magetsi opita ku processor amayenera kufika osalala chomwecho, ndipo mtsuko ukabooka processor imadzidzimuka n'kuzima. M'kati mwa kamgoloko muli timapepala ta aluminiyamu tokulungidwa pamodzi ndi pepala lonyowa ndi mankhwala. Mankhwalawo akaonongeka amatulutsa mpweya, mutu n'kutupa. Mizere yopingasa yomwe mumaiona pamwamba anaidula dala kuti kazing'ambikira pamenepo m'malo mophulika.

Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti vutoli linavuta dziko lonse. Kuyambira cha m'ma 1999 mpaka cha m'ma 2007, makapasita ochuluka zedi anatuluka m'mafakitale ali ndi mankhwala osasakanizidwa bwino, ndipo ankatupa asanathe zaka zochepa. Azungu mpaka anautcha mliri wa makapasita. Makompyuta ambiri a nthawi imeneyo atachotsedwa m'maofesi a kunja, ena anathera kuno kwathu ngati kaunjika. Madala aja za mliriwo sanazimvepo. Iwo angoona timigolo totupa m'mawailesi ndi m'ma TV kwa zaka zambiri, basi.

Anawerenga manambala a pambali: 1500 µF, 6.3V. Lamulo lake ndi lakuti nambala yoyambayo ifanane, koma ya mavoti ikhoza kukwera, isatsike. Anakhuthula chitini cha zidutswa pa thebulo, nafufuza mpaka anapeza titatu ta 1500 µF, 10V, tozula m'zipangizo zina zakufa. Anandichenjeza mosabisa: "Timeneti si ta mtundu weniweni wa motherboard. Tikugwirirani masiku, za zaka sindilonjeza. Ikangoyaka, tulutsani katundu wanu."

Kuzula takale ndiye inali nkhondo. Motherboard ili ndi mkuwa wosanjikizana m'kati, umene umamwa kutentha, ndiye chowotcherera chawo cha magetsi chinkangonyambita mtovu osausungunula. Anachiika pambali, natenga chachikale cha mutu wamkuwa, n'kuchivika pa mbaula ya mayi wokazinga chimanga pafupi. Mtima wanga unali m'mwamba. Ndinaganiza za anyamata a ku boma aja, mmene akanasekera. Madala anayamba adontheza mtovu watsopano pa mwendo uliwonse kuti wakalewo ufewe, kenaka kutenthetsa mwendo umodzi, kupendeketsa kamgolo pang'ono, kupita ku mwendo winawo, pang'onopang'ono mpaka kanazuka. Mabowo otsekeka anawatsegula ndi singano yosokera, poti mtovu sugwira pa singano. Ine ntchito yanga inali kugwira bolodi ndi kusapuma.

Poika tatsopano anandionetsa mzere wotuwa wa pambali pa kamgolo. "Uku ndi ku negetivi. Mukatembenuza, kaphulika pamaso panu." Anayang'ana katatu asanawotcherere. Ndinawafunsa mtengo, anati K3,000. Ndinawapatsa K5,000 ndipo anandiyang'ana ngati ndalakwitsa kuwerenga.

Kunyumba tinapeza magetsi atathima. Tinadikira mpaka cha m'ma 9 koloko usiku, mayi atakhala pampando wa bambo, osanena kanthu. Atayaka ndinadina batani. Fani inalira. Panatuluka mawu odandaula kuti tsiku ndi nthawi zasokonekera, poti kabatire kozungulira ka pa bolodi kanatha kalekale. Ndinadina F1. Kenaka phiri lobiriwira lija la Windows XP linatulukira, ndipo mayi anati, "Ndi yomweyo."

Ndinalowetsa fulashi manja akunjenjemera, ndi kukopera chikwatu chonse chotchedwa ZANGA ndisanatsegule kalikonse. Munali mafayilo 41. Mbiri ya banja inalimo, masamba 63: mayina a makolo mibadwo isanu, nkhani zomwe agogo anawauza za nthawi ya Gomani woyamba, amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896, ndi malire a munda wa kudambo, mtengo ndi mtengo. Dzina lomwe mwana uja anafunsa linali pa tsamba lachiwiri.

Munalinso fayilo ina yotchedwa NGONGOLE. Mayi anati nditsegule. Anali mayina a anthu omwe bambo anawakongoza, ena pambali atalemba kuti "wabweza". Pa nambala 7 panali dzina langa, K12,000, ya mayendedwe opita ku intavyu mu 2013. Pambali pake panalibe kanthu.

Mayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje chomwe chinkafunda kompyuta chija. Kenaka anatambasula dzanja.