Tebulo la mayi linagwada pamsika

Abale anzanga apamsika, vanishi ndi wabodza. Tebulo lonyezimira lomwe ndinagulira mayi anga, ogulitsa tomato pa Lirangwe, linangotha miyezi iwiri. Tsiku la msika mwendo unaguluka, tomato yense pansi khapa! Mpamba unathera pomwepo. Kusuzumira polumikizira, misomali yokhayokha.

Ndinalisenza ulendo kwa mdala wina, kalipentala wa m'mbali mwa msewu wa M1. Anandionetsa njira ziwiri. Yoyamba, amaboola matabwa onse awiri n'kulowetsa timitengo tozungulira topaka guluu. Drilu wamba imakwanira, koma kamtengo kakakhala kamodzi thabwa limazungulira, pamafunika tiwiri. Yachiwiri, amakumba mabowo aakulu m'mbali n'kulowetsa kathabwa kafulati. Aka sikalola kupotoka, ndipo guluu amagwira pokwanira.

Kampani ya Festool ya ku Germany imapanga makina otchedwa Domino okumba mabowo oterewa mwachangu, koma mtengo wake ngoboola m'thumba. Mdalayo anangokumba ndi tchizulo, magetsi ali chithimire.

Tebulolo lilipobe mpaka lero. Inu pogula lanu, ligadabuzeni, muligwedeze, mufunse kuti alumikiza ndi chiyani. Paja chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.