Sitima Siikhota

Anzanga, ine ndimaphunzitsa akuluakulu kuwerenga m'mudzi wa pafupi ndi njanji ya ku Moatize. Lero tikambirane za sitima.

Agogo athu amakumbuka sitima ya nthunzi. Inkadya malasha ndi madzi. Utsi wake unkaoneka patali. Masiku ano mabogi amakokedwa ndi injini ya dizilo. Dizilo amazungulitsa makina opanga magetsi, ndipo magetsiwo amayendetsa mawilo. Injini imeneyi ili ndi mphamvu zambiri, koma utsi wake ndi wocepa. Munthu wosamvetsera amangoona yafika.

Injini amaisankha poona katundu. Sitima ya anthu ndi yopepuka, injini imodzi imakwana. Sitima ya malasha yocokera ku Moatize kupita ku Nacala imakoka mabogi 120. Pamenepo amalumikiza injini zingapo. Njanji zathunso zakonzedwa. Ya ku Beira inayambanso kunyamula malasha m'caka ca 2011. Ya pakati pa Cuamba ndi Lichinga inatsegulidwanso mu 2016. Pa njanji yokonzedwa sitima imathamanga kuposa kale.

Tsono tamverani. Wilo la sitima ndi lacitsulo, njanji nayonso ndi yacitsulo. Citsulo pa citsulo cimaterereka. Woyendetsa akamanga mabuleki, sitima yolemera imapitirira kilomita imodzi kapena kuposa isanaime. Galimoto imatha kukhota. Sitima siikhota. Woyendetsa amakuona, amaliza hutala, koma alibe pothawira. Amene angathe kuima ndiwe.

Maso amatinamizanso. Cinthu cacikulu cimaoneka ngati cikuyenda pang'onopang'ono. Umati, "Ili patali, ndidutsa." Usanamalize mawuwo yafika.

Pamene msewu umadutsa njanji pamakhala cikwangwani copingasa ngati lemba la X. Pena pamalembedwa mawu atatu a Cipwitikizi: PARE, ESCUTE, OLHE. M'Cinyanja cathu ndi awa: IMA, MVETSERA, YANG'ANA. Mawu amenewa ndimawalemba pa bolodi, ndipo timawerenga tonse mokweza. Mayi wina wa m'kalasi mwathu anati, "Aphunzitsi, zaka zonsezi ndinkayesa ndi dzina la malo." Tsopano amawawerengera adzukulu ake popita kucigayo.

Wa njinga atsike. Wa njinga yamoto aime, acotse foni kukhutu. Wa ngolo atsogole ng'ombe, aone ngati kutsidya kuli malo, cifukwa wilo la ngolo limatha kukodwa pa njanji. Mbusa asadyetse mbuzi m'mbali mwa njanji. Pamene pali njanji ziwiri, sitima imodzi ikadutsa tiyang'anenso. Ina ingakhale kuseri kwake.

Kudikira sitima yaitali kumatopetsa, ndikudziwa. Koma akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Msika sutha pa mphindi zisanu. Ana akudikira kunyumba.

Mafunso
1. Cifukwa ciyani sitima siima msanga?
2. Lembani mawu atatu a pa cikwangwani.
3. Kwanu mumadutsa njanji pati? Kambiranani.