Vinyo, kondowole ndi magiredi a MSCE

Anzanga aphunzitsi, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, pepani ndinasowa. Tinali pa chintchito chochonga mayeso. Lero sindikamba za sukulu, ngakhale cholembera chofiira chilowamo ndithu.

Chaka chatha mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anandibweretsera mabotolo atatu a vinyo. Kumbuyo kwa botolo lililonse analembako m'Chingerezi zakudya zoyenera kumwera vinyoyo: tchizi, pasta, nyama ya nkhosa yootcha. Ndinaseka. Kuno ku Nkhotakota mgonero wathu ndi kondowole, chigwada chotendera ndi usipa, tsiku labwino chambo kapena mpunga wa Kilombero. Amene analemba zija kondowole sanamuonepo. Ndiye ndinati ndiyesa ndekha. Loweruka lililonse madzulo tambula imodzi pa chakudya, kenaka n'kulemba giredi m'kope monga a MSCE: 1 ndi 2 wakhoza mwapamwamba, 9 walephera.

Woyamba kulowa m'mayeso anali vinyo wofiira, ndi chambo chamsuzi. Abale, m'kamwa munangokhala ngati ndanyambita msomali. Vinyo wofiira amakhala ndi kakuwawa kothina lilime kochokera ku makungu a mphesa, ndipo akakumana ndi nsomba fungo la nsomba lija limakula. Ndinalemba 9. Mawa lake wotsalayo ndinamwera nyama ya mbuzi, anapeza 4. Mwana yemweyo, phunziro lina.

Woyera wosatsekemera uja ndi chambo chootcha anapeza 2. Kuwawasa kwake kumagwira ntchito yomwe ndimu imagwira pa nsomba. Koma amafuna kuzizira, ndipo kutentha kwa kuno mu Okutobala mukukudziwa. Tsikulo magetsi anali atazima, moti botolo ndinalikulunga m'nsalu yonyowa n'kuliika pamphepo.

Amene anandivuta ndi kondowole. Chinangwa chimaviikidwa m'madzi masiku angapo chisanayanikidwe n'kusinjidwa, choncho nsima yake imakhala kale ndi kafungo ndi kakuwawasa kakekake. Ukamwera vinyo wowawasa, ziwirizo zimalimbana. Ukamwera wofiira, lilime limalemera ngati wamata ulimbo. Amene anayesako ndi vinyo wotsekemera wa m'katoni, yemwe anthu odziwa amamunyoza uja. Ndi usipa wothira kambuzi anapeza 5, chifukwa kutsekemerako kumaziziritsa ukali wa tsabola. Wam'katoniyu ali ndi ubwino winanso: kathumba ka m'kati sikalowetsa mpweya, ndiye amakhalitsa, pomwe wa m'botolo ukangotsegula, masiku ochepa wasasa.

Nditapita ku Lilongwe ndinagulako wa kwathu konkuno, wa Linga, yemwe amapangidwa ndi zipatso monga jambula ndi chidede. Dzinalo linandikoka chifukwa nafenso tili ndi Linga wathu, kumene kunkakhala a Jumbe. Wa chidede ndi mpunga wa utaka wouma wothira matimati ndinam'patsa 3. Mwina ndinakondera, monga timachitira ndi mwana wa kwathu, koma sindikuganiza choncho.

Tsono vuto linabwera ndi kope lija. Mayi a kunyumba samwa, ndipo sindinawafotokozere bwino zomwe ndimalemba. Tsiku lina akukonza patebulo analitsegula n'kupeza mzere wakuti "Chambo chamsuzi, 9". Masiku awiri anangondiyankha "eya" ndi "ayi". Lachitatu lake anandifunsa modekha: "Abambo, zaka zonsezi ndakhala ndikukuphikirani zolephera?" Chambo chija anachilawirira ku dooko m'mamawa, n'kuchiphika monga anawaphunzitsira amayi awo. Ine tsiku lija sindinanene n'komwe kuti zikomo, maso anali pa tambula.

Ndinafotokoza kuti wolepherayo anali vinyo. Anandikhulupirira, koma anatenga cholembera n'kujambula danga lina m'kopemo, la mtengo. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndipo malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa nokha. Iwo amawerengera botolo m'masiku a ndiwo, ndipo m'danga lawolo woyera wanga wa 2 uja anapeza 8.

Panopa timagula botolo limodzi mwezi ukatha, kopelo timalemba tonse awiri. Loweruka lapitali kunali kondowole ndi kampango, ndipo tinamwera thobwa lomwe anaphika okha. Ndinafuna kulemba 2, anandilanda cholembera.