Muyeso pa Ntchito ya Sing'anga wa Zitsamba

Sing'anga wa zitsamba, kutanthauza munthu amene amachiza ndi mizu, makungwa ndi masamba popanda kuombeza maula, amaphunzira ntchito yake kutchire akutsata amene anamutsogolera, ndipo asanaloweze mayina a matenda amayamba wadziwa kakumbidwe ndi kasendedwe. Khungwa la muwawani, mtengo wowawa umene anthu amamwa m'mimba mukamapota kapena thupi likatentha, amalisenda mbali imodzi motsata kutalika kwa thunthu, chifukwa mtengo wosendedwa mozungulira umauma; muzu amadula wam'mbali n'kusiya wapakati, ndipo dzenje amalikwirira asanachoke. Zokumbazo amaziyanika pamthunzi, amazisinja mumtondo wosasinjiramo chakudya, kenaka n'kusefa, ndipo ufa umene wachita chuku amautaya ngakhale utakhala wa mtengo wosowa.

Zonsezi munthu wakhama amazidziwa msanga. Chimene chimavuta, ngakhale kwa amene wakalambira pa ntchitoyi, ndi muyeso. Mphamvu ya mankhwala imasiyana pakati pa muzu wokumbidwa m'chilimwe ndi wokumbidwa m'dzinja, pakati pa mtengo wanthete ndi wokhwima, ndiponso pakati pa zonyika m'madzi ozizira ndi zowiritsa mpaka madzi kuphwera, kotero kuti chikho chimodzi cha lero sichifanana ndi chikho chimodzi cha mawa. Piritsi la Panado la akuluakulu lili ndi mamiligalamu 500 kulikonse kumene lagulidwa, pamene sing'anga woona mtima sanganene motsimikiza kuchuluka kwa mphamvu imene ili mu mphika wake. Amene amakana mfundoyi poteteza ulemu wa ntchito yake amaika odwala ake pangozi.

Mbiri ya mankhwala a malungo imaonetsa bwino nkhaniyi. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America, ndipo artemisinin, amene ndi gwero la amodzi mwa mankhwala awiri opezeka m'mapiritsi a malungo otchedwa LA, anapezedwa mu 1972 m'chitsamba cha Artemisia annua ndi gulu la akatswiri a ku China lotsogozedwa ndi Tu Youyou, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Chimene akatswiriwo anawonjezera pa nzeru za makolo ndi kupatula mphamvuyo ndi kuiyeza. Malawi anasiya chloroquine mu 1993 tizilombo ta malungo titayamba kupirira mankhwalawo, anagwiritsa ntchito mankhwala ena otchedwa SP kwa zaka zingapo, ndipo mu 2007 anasamukira ku LA, amene amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu molingana ndi kulemera kwa wodwala. Popeza mankhwala oyezedwa otere alipo, mwana akabwera naye thupi likutentha, sing'anga wodziwa ntchito samuwiritsira nimu n'kumubweza kunyumba, koma amamutumiza kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala kuti akamuyeze magazi, pakuti kutentha kungathe kutsika tizilombo tikadali kuswana. Chanzi chofukiza pa chimfine ndi masamba a cham'mwamba othira m'phala zili ndi malo ake, koma malungo a mwana wamng'ono sadikira.

Pophunzitsa anthu m'mudzi, chikhulupiriro chovuta kuchizula ndi chakuti chomera chakutchire sichingapweteke munthu. Asing'anga eni ake amadziwa kuti si choncho: njere za nsatsi zimapha zikatafunidwa, utomoni wa nkhadze umawononga maso, ndipo khungwa la mwabvi linapha anthu ambiri pa milandu ya ufiti, mpaka kumwetsa mwabviko kunaletsedwa ndi lamulo la mu 1911. Nkhani yolemera kwambiri masiku ano ndi ya mwanamphepo, dzina limene limaperekedwa ku zitsamba zingapo zimene amayi oyembekezera amamwa kuti matenda a uchembere ayambe msanga. Mankhwalawa amachititsa chiberekero kukokana mwamphamvu, ndipo ngati njira sinatseguke kapena mwana wagona mopingasa, chiberekerocho chingathe kung'ambika, mwananso n'kubanika. Kuchipatala nako kuli mankhwala ofulumizitsa uchembere, koma amaperekedwa pang'onopang'ono, mzamba akumvetsera kugunda kwa mtima wa mwana ndipo ali wokonzeka kuwaimitsa. Zimene zamwedwa m'chikho sizingabwezedwe. Kawirikawiri amene amabweretsa chikhocho ndi apongozi kapena agogo, ndiye chiphunzitso chimene chimangolunjika kwa woyembekezera yekha, kusiya akuluakuluwa, sichipita patali.

Pali vuto linanso limene silionekera msanga, lomwe ndi la kuphatikiza mankhwala. Odwala ambiri amayenda njira ziwiri nthawi imodzi, ndipo amabisa zakuchipatala akafika kwa sing'anga, zakwa sing'anga n'kuzibisanso akafika kuchipatala poopa kukalipiridwa. Komatu chiwindi ndi impso, ziwalo zimene zimasefa mankhwala m'thupi, zimalandira katundu yense pamodzi. Choncho sing'anga asanatsegule thumba lake amafunsa mofatsa kuti, "Mayi, mwanayu wamwa chiyani chiyambire dzulo?" kapena, "Bambo, pali mapiritsi amene mumamwa tsiku ndi tsiku?" Munthu amene ali pa ma ARV, omwe anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, kapena amene ali mkati mwa miyezi isanu ndi umodzi ya mankhwala a chifuwa chachikulu, sauzidwa kuti asiye kapena apumire, ngakhale atadzimva kuti wachira. Akuluakulu a ntchitoyi amakumbukira khamu la anthu limene linakhamukira ku Machinga mu 1995 kukamwa mchape wa Billy Chisupe, umene unkamveka kuti umachiza Edzi, ndipo amadziwa kuti lonjezo lotere limagwetsa dzina la asing'anga onse. Mabotolo ogulitsidwa m'misika ndi m'mabasi, amene pepala lake limatchula matenda khumi koma osatchula zimene zathiridwamo, ndi otero omwewo. Bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA lilipo, koma silingafike pa msika uliwonse.

Potema mphini, lezala limodzi limagwira pa munthu mmodzi basi, chifukwa HIV ndi matenda ena a chiwindi amayenda m'magazi. Ndipo wodwala akayamba kusanza kosalekeza, maso kuchita chikasu kapena mkodzo kuchepa atamwa zitsamba, sing'anga amamutumiza kuchipatala tsiku lomwelo atanyamula zotsala za muzu kapena ufa umene anamwa, pamodzi ndi dzina la mtengowo ndi nthawi imene anayamba kumwa, kuti dokotala adziwe poyambira.