Tisanamange Katundu wa ku Mzuzu

Amayi anzanga, masiku ano nkhani ya kusamuka yachuluka m'misonkhano yathu kuno ku Kasungu. Ena amuna awo apeza ntchito ku Mzuzu, ena ana awo asankhidwa kupita ku yunivesite ya kumeneko, pamene ena angotopa ndi ndalama za fodya zobwera kamodzi pa chaka. Tiyeni tiyambe tauona bwino mzinda umenewu.

Ulendo wake ndi wa makilomita oposa 200. Msewu wa M1 ukapitirira pa Jenda umayamba kukwera mapiri a Viphya ndi kudutsa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo pamenepo mudzafuna chitenje chachiwiri chofunda. Kuno tidazolowera dziko lathyathyathya, loti munthu umaona phiri la Kasungu uli kutali. Uko ndi kwa zitunda ndi zigwa, ndipo m'mawa nkhungu imabisa ngakhale nyumba ya mnzako.

Zokoma zilipo ndithu. Yunivesite ya Mzuzu, imene ili ku Luwinga, idalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Mwana wokula akuona anzake atanyamula mabuku sachedwa kusirira sukulu, makamaka mtsikana. Chipatala chachikulu chili mumzinda momwemo, pamene ife kuno matenda akakula timatumizidwa ku Lilongwe. Nsomba, nthochi ndi chinangwa zimachokera ku Nkhata Bay, komwe si kutali. Mayi wa manja ake sagona ndi njala, pakuti ophunzira ambiri amakhala m'nyumba za lendi ndipo amagula mandasi, ndiwo ndi nsima yophikaphika tsiku ndi tsiku.

Koma walira mvula walira matope. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kolowa m'mafupa, motero ana ndi okalamba amafuna majuzi ndi mabulangete okwanira. Mvula imapitirira kuwaza pamene kuno tayamba kale kukolola. Matewera amachedwa kuuma, ndipo ufa umene kuno umauma pa mphasa tsiku limodzi, kumeneko ungachite chuku mukapanda kusamala.

Za nyumba nazonso n'zofunika kuziganizira. Kufupi ndi yunivesite mumalimbirana zipinda ndi ophunzira, choncho lendi imakwera. Nyumba zotsika mtengo nthawi zambiri zimakhala m'madambo kapena pa malo otsetsereka. Kumbukirani kuti mu Epulo 2016 mvula yamphamvu idagwetsa nyumba zambiri mumzindawu. Dziwaninso kuti ophunzira akapita ku tchuthi, malonda aja amazilala, koma mwini nyumba sapita nawo ku tchuthi. Chiyankhulo cha pamsika ndi Chitumbuka. Anzathu a kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba sadzavutika, koma enafe tiyenera kuphunzira ngakhale moni, chifukwa ulemu ndiwo umatsekulira mlendo pakhomo.

Chachikulu koposa ndi ichi: m'tauni mulibe nkhokwe. Chimanga, makala, ngakhale bonongwe amene kuno timangothyola kuseri kwa nyumba, zonse zimafuna ndalama. Fodya akagwa mtengo, mayi wa kumudzi amatsalabe ndi mtedza ndi chimanga chake. Ntchito ikatha m'tauni, mayi wopanda munda amatsala m'manja muli lende.

Choncho ngati bambo akunyumba aitanidwa, kambiranani modekha. Pitani kaye mukacheze m'mwezi wa Juni, mukaone nokha kuzizira kwake ndi mitengo ya pamsika. Mukatsimikiza zosamuka, munda musagulitse ayi. Usiyeni m'manja mwa mbale wokhulupirika, anyakwawa akudziwa, ndipo uzilimidwa chaka ndi chaka kuti thumba la chimanga lizikutsatirani. Makolo athu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.