Za nduna ndinkazidziwa zonse, koma dzina la khansala wathu ayi

Akuluakulu a gulu, mundilole lero ndilembe zosiyanako. Muno tinazolowera kufunsana za mzere wa pa Beitbridge, mtengo wa randi ndi komwe dizilo akupezeka. Ine ndabwera ndi nkhani ya kamlatho kakwathu. Kandichititsa manyazi, ndipo ndikukhulupirira kuti ena mwa inu muli ngati ine.

Ndakhala pa thiraki zaka 14. Njira yanga ambiri mukuidziwa: Durban kapena Johannesburg, Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, n'kudzalowa pa Mwanza. Zikayenda bwino ndimagona kunyumba masiku 5 kapena 6 pamwezi. Masiku ena onsewo nyumba yanga ndi kabini.

Amene munagonapo pamzere mukudziwa kuti palibe nyumba ya malamulo yotentha ngati ya madalaivala akamaphika nsima pansi pa thirela. Ine ndinali mmodzi mwa aphungu ake okweza mawu. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndinafotokozera aliyense amene anali ndi makutu komwe kunalakwika. Ziwonetsero zitabuka ku Mozambique pambuyo pa chisankho cha October 2024, ife n'kumagona m'maboda kuopa kulowa, ndale za kumeneko ndinazimasuliranso ngati ndinabadwira ku Maputo. Nduna ikasinthidwa, ndinkadziwa nkhani isanafike pa wailesi.

Koma pa 16 September 2025, tsiku losankha pulezidenti, aphungu ndi makhansala, ine ndinali pa Nyamapanda ndi lodi ya feteleza. Kulembetsa ndinalembetsa, chiphaso chovotera chinali m'chikwama momwemo. Ulendo unapezeka, ndalama inkafunika, ndipo sindinayese n'komwe kupempha abwana kuti andisinthire tsiku. Nditafika kunyumba, mwana wanga wamkazi wa Sitandade 4 anandigwira dzanja n'kumayang'ana zala chimodzichimodzi. "Adadi, inki yanu ili kuti? Amami ali nayo." Ndinaseka, n'kumupatsa mabisiketi a ku Musina, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsono za kamlatho. Pakati pa nyumba zathu ndi sukulu ya pulayimale pali kamtsinje. M'chilimwe mumangokhala majumbo ndi mabotolo, mwana amadumpha osanyowa. M'dzinja kamakwiya. Kamlatho kamene kanalipo kanapita ndi namondwe wa Freddy mu March 2023. Anthu anagonekapo mitengo iwiri ya bulugama, ndipo kuyambira nthawi imeneyo ana amawoloka pomwepo. Ndinkadziwa. Ndinawolokapo kangapo popita kokameta. Nthawi iliyonse ndinkangotukwana chamumtima n'kupitiriza ulendo.

Mvula ya dzinja lapitali itafika pachimake, ndinali tsiku lachiwiri pamzere mbali ya Musina. Foni inalira cha m'ma 2 koloko masana. Anali mayi akunyumba, ndipo mawu awo okha anandiuza kuti kwagwa zina. Mwana uja pochokera kusukulu anaterereka pamitengopo n'kugwera m'madzi. Mnyamata wina wa kabaza amene anali kudikira makasitomala tsidya lake ndiye anadumphiramo n'kumukoka ndi yunifolomu. Chikwama, makope ndi nsapato imodzi zinapita. Mwanayo anamwa madzi, anakalika m'miyendo, koma ali moyo.

Miyendo inandizizira. Kenako mkwiyo unabwera, ndipo ndinayamba monga mwa chizolowezi changa: boma ili, andale awa, misonkho yathu ikupita kuti. Mayi anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera. Kenako anati, "Bambo, mwamaliza? Msonkhano wa mlatho umenewu waitanidwa katatu. Kawiri munali paulendo. Kachitatu munalipo, munati mwatopa, mukufuna kuonera mpira. Tandiuzani, khansala wathu dzina lake ndani?"

Abale anga, ndinalibe yankho. Ndikanatha kutchula nduna zonse za boma latsopano ndi zakale zomwe, koma munthu woyang'anira dera limene ana anga amagona sindinkamudziwa. Usiku umenewo sindinapite kokadya ndi anzanga. Ndinakhala m'kabini kuganiza za milatho imene ndimawoloka ndi matani 30: wa pa Limpopo, wa Kassuende pa Zambezi ku Tete, ngakhale wa Kazungula umene unatsegulidwa mu May 2021, womwe ndinaujambula n'kutumiza zithunzi muno. Mwana wanga yekha ndiye amawoloka pamitengo iwiri yoterera.

Nditabwerera ndinapempha masiku, ndipo msonkhano wotsatira ndinapita. Unachitikira pansi pa mtengo wa mango pasukulu pomwepo. Tinalipo anthu pafupifupi 30, abambo tinali anayi okha, awiri mwa iwo okalamba. Ena onse anali amayi, ena ndi ana kumsana, ena atasiya mabenchi awo a tomato. Kunali a buloko lida, a komiti ya sukulu, ndi khansala yemwe, munthu wachinyamata amene ndikanakumana naye m'minibasi sindikanamuzindikira.

Nditapatsidwa mpata ndinaimirira ndi mphamvu zanga zonse za pa boda. Ndinanena za mayiko amene ndayenda ndi momwe anzathu amamangira. Nditakhala pansi, gogo wina anafunsa mwaulemu ndithu, "Pepani, abambo amene alankhulawa ndi a nyumba iti?" Ndakhala m'dera limenelo zaka 8. Mayi akunyumba ndi amene anayankha kuti, "Ndi akwathu awa." Anthu anaseka, inenso ndinaseka, koma zinandilowa.

Zimene ndinaphunzira tsiku limenelo ndi zimene ndikufuna kugawana nanu. Zinthu zimene zimativutitsa tsiku ndi tsiku, monga ngalande, zinyalala, misika ndi timisewu ta m'makwalala, zili m'manja mwa khonsolo, ndipo khomo lathu lolowera kumeneko ndi khansala. Ambiri a ife tinazolowera kuthamangira kwa phungu kapena kulalatira pulezidenti pa Facebook. Mwina n'chifukwa choti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lathu linakhala lopanda makhansala, ndiye tinaiwala ntchito yawo. Chachiwiri, zitukuko zimayamba ndi mndandanda umene anthu a m'dera amagwirizana pamisonkhano ngati imeneyi. Ndalama sizikwanira zonse, choncho zimene zili pamwamba ndi zimene zimakhala ndi mwayi. Kamlatho kathu kanali pamunsi. Pamisonkhano yapitayo anthu a tsidya lina, amene ana awo sawoloka mtsinje, ankabwera ambiri ndipo anakankhira zawo patsogolo. Sanalakwe. Ife a tsidya lino, kumene nyumba zambiri ndi za madalaivala ndi a geni za kunja, tinkatumizako akazi athu ochepa otopa kale, ena osatumiza aliyense.

Sindikunena kuti atsogoleri alibe mlandu. Zaka zonsezi ana akuwoloka pamitengo, wina anayenera kuchita manyazi kalekale. Msonkho timalipira, pa boda amatidula, amayi a mumsika amadula chiphaso tsiku lililonse. Tili ndi ufulu wofunsa. Koma ine ndinkafunsira ku Musina, kwa anthu amene sangamange ngakhale njerwa imodzi kwathu. Ndiponso tisamanamizane: ku Joni komwe timatamako magetsi amazima, madzi amasowa m'mipopi, maenje m'misewu aliponso. Tikafika kumudzi timangofotokoza misewu ikuluikulu yokha.

Pamsonkhanopo tinagwirizana ziwiri. Choyamba, kalata yopita kukhonsolo yosainidwa ndi makolo, yopempha mlatho wa simenti. Apa ndi pamene ndinaona kuti ntchito yathu yatiphunzitsa kanthu. Ife sitisiya pepala pa ofesi popanda kutsala ndi kope yodindidwa. Tikudziwa kuti pepala lopanda chidindo ndi tsiku lili ngati silinalembedwe. Ndinaumirira kuti kalatayo ikhale ndi makope atatu, onse adindidwe, imodzi isungidwe ndi komiti ya sukulu. Amayi aja anati makalata akale ankangoperekedwa pamanja.

Chachiwiri, tinati podikirapo tisasiye mitengo ija. Ndinafufuza manambala a anzathu a pamsewu a m'dera lathu, tinapezana 11, ena ali ku Dar es Salaam kooda katundu, ena ku Joni. Tinatsegula kagulu ka WhatsApp. Aliyense anatumiza zimene akanatha pafoni, msungichuma ndi mayi wina wa komiti ya sukulu, ndipo risiti iliyonse amaijambula n'kuiponya pagulupo. Tinagula matabwa okhuthala, misomali ndi mapaipi ogwirira m'mbali. Akalipentala awiri a m'dera anagwira ntchitoyo pamtengo wachibale. Si mlatho weniweni, madzi akadzabwera ngati a Freddy udzapitanso. Koma mwana wa Sitandade 1 akutha kuwoloka atagwira chitsulo.

Wa simenti uja sunamangidwe mpaka lero. Kalata inalandiridwa, chidindo tili nacho, ndipo kamlatho kakwera pamndandanda. Mwezi uliwonse mmodzi wa ife amene ali kunyumba amapita ndi amayi aja kukafunsa pamene zafika. Khansala tsopano amandidziwa, mwina amatopa nane.

Kunyumba nako zasintha pang'ono. Kale ndikaimba foni funso langa loyamba linali lakuti ndalama ndinatumiza ija yafika. Ndinkaganiza kuti udindo wanga wathera pomwepo. Sindinkaona kuti mayi ndi amene amadzuka 3 koloko usiku kukaima pa kiyosiki madzi akabwera, amapita kumsonkhano wa makolo, kumaliro a m'dera, kwa a buloko lida, zonsezo m'dzina langa. Tsopano ndimafunsanso kuti kwagwanji m'dera, msonkhano uli liti, akufuna ndinene chiyani. Poyamba ankadabwa. Pano amandipatsa ntchito.

Ndiye anzanga, pempho langa ndi laling'ono. Lero lomwe funsani kunyumba dzina ndi nambala ya khansala wanu, muisunge pafupi ndi ya ejenti wanu wa pa boda. Mukakhala kunyumba tsiku la msonkhano, pitani, ngakhale mwatopa, ndipo ulendo woyamba mukamvetsere kaye, musakachite ngati ine. Mukakhala paulendo, tumizani mawu ndi kangachepe, ndipo amene wakuimirirani mumuthokoze. Chodandaula chilichonse chilembedwe, chidindidwe, kope musunge. Tsiku lovota limadziwika kudakali miyezi yambiri, choncho abwana auzeni msanga. Amayi a geni, ulendo wokaoda mutha kuusuntha ndi masiku awiri, katundu sathawa.

Mnyamata wa kabaza uja ndinamufunafuna n'kumupeza. Ndalama anakana, anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndinamugulira matayala awiri ndi jekete ya mvula, zimenezo analandira. Mwana wanga ndinamugulira nsapato zina ku Musina, ndipo nsapato yotsala ija mayi anakana kuitaya. Ili pawindo la kuchipinda, akuti ndiziiona ndikabwera.

Ndikulemba izi ndili pa Tete, ndikudikira kuti kuche. Amene muli pa Zobue tiuzeni mzere uli bwanji. Muyende bwino nonse.