Kompyuta ndi liwu loti mphunzitsi

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, usiku wina kukutentha monga mwa nthawi zonse kuno ku Filipe Samuel Magaia, ndinakhala pakhonde ndi mwana wa mlongo wanga amene amaphunzira zamakompyuta. Ndinali ndi mulu wa mawu oti ndiwadule m'maphatikizo ndi kuwalemba pamakadi a ana a kalasi yoyamba, koma dzanja linali litatopa kale.

Mnyamatayo anandionetsa JavaScript. M'menemo mawu onse olembedwa ali m'gulu limodzi lotchedwa String, ndipo gululi limabwera ndi luso lake: kuwerenga malembo, kuwasandutsa akuluakulu, kuwadula. Za maphatikizo silidziwa kanthu. Nditafunsa kutalika kwa "ng'ombe", kompyuta inayankha 7. Ana anga pa liwu lomweli amaomba m'manja kawiri basi.

"Malume, tingoliphunzitsa," anatero. Pa String.prototype anawonjezerapo luso latsopano, nalitcha maphatikizo. Lamulo lake limodzi: dula pambuyo pa a, e, i, o, u. Kuyambira pamenepo liwu lililonse mu pulogalamuyo linatha kudzidula lokha. Akuti Python ikanakana, chifukwa gulu lake la str sililola kuwonjezeredwa. Umachita kupanga gulu lako lobadwa kwa ilo.

Ng'o-mbe, nyu-mba, mphe-po. Ndinasekerera. Kenako kunatuluka mphu-nzi-tsi, dzina la ntchito yanga yomwe, litaduka mwendo! Ife timati m-phu-nzi-tsi, kanayi. M wa mu mphepo amamatirira ku ph, koma wa mu mphunzitsi amaima payekha, ndipo pochulukitsa amachoka: aphunzitsi. Mbale yodyera ndi m'bale wako timazisiyanitsa ndi nkhodolero, koma apa pepala silinena kanthu. Khutu lokha ndilo limadziwa. Makadiwo akanapita m'kalasi, ndikanasokoneza ana ndi dzanja langa.

Mnyamatayo anali ndi nkhawa inanso. Luso loika pa gulu la aliyense limatha kuwombana dzina ndi la ena. Mu 2018 okonza JavaScript anasintha dzina loti flatten kukhala flat, chifukwa MooTools inali itaika kale dzinalo pa gulu la Array, ndipo masamba akale a pa intaneti akanawonongeka. Ndinamuseka: ndani kumeneko angatilande dzina loti maphatikizo?

Tinakonza ndi mndandanda wa mawu a m woima payekha, umene pulogalamuyo imayamba yaona isanadule. Ndikuulembabe m'kope. Dzulo kamtsikana kena kanaomba m'manja katatu pa liwu loti mphika, ndipo nditafika kunyumba ndinaliwonjezera.